Mwalumidwa ndi kangaude? Zoyenera kuchita, ndi nthawi yothamangira kuchipatala

Mwana wa mchemwali wanga atadzuka ndi chotupa chofiira pamsana, mlandu tinauweruza tisanamwe n'tiyi yemwe. "Ndi kangaude ameneyu," anatero agogo ake. "Si paja mumamugoneka kufupi ndi khoma?" Tonse tinavomera, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuona kangaudeyo. Tinapakapo mankhwala otsukira mano, mawa lake phulusa, chotupa chili kukulirakulira, mwana ali kulira usiku kuti pakumubaya. Tsiku lachisanu tinapita naye kuchipatala. Anamwino anangoyang'ana kabowo komwe kanali pakati pa chotupacho n'kumatapo vaselini. Sipanatenge nthawi, kamutu ka mphutsi kanayamba kusuzumira. Ntchentche inaikira mazira pa malaya amene tinayanika pa udzu, ife n'kumuveka osasita.

Kangaude amasenzetsedwa milandu yambiri imene si yake. Padziko lonse pali mitundu ya akangaude yoposa 50,000 yodziwika, ndipo pafupifupi yonse ili ndi poizoni, koma ndi poizoni wophera ntchentche, mphemvu ndi njenjete. Ambiri mano awo sangaboole n'komwe khungu la munthu. Komanso kangaude samwa magazi ngati udzudzu kapena nsikidzi, choncho alibe chifukwa chokusakirani. Amaluma akapanikizika: mwamugonera, mwamuvala pamodzi ndi malaya, mwamugwira potola nkhuni. Komabe alipo ochepa amene akhoza kumugoneka munthu m'chipatala, ndipo poti nthawi zambiri wolumayo sitimuona, chimene chingakuuzeni zoona ndi thupi la wolumidwayo ndi nthawi imene yadutsa.

Musanawerenge n'komwe zotsatirazi: ngati munthu akubanika, milomo kapena lilime zatupa, thupi lonse latuluka zidzolo mwadzidzidzi, kapena akukomoka, siyani foni, pezani galimoto kapena njinga yamoto. Chimene chamuluma mukachidziwira komweko.

1. Muoneni wolumayo, ngati alipo

Mukamva kubaya, musathamangire kukanda. Yang'anani m'malaya, m'nsapato, pamphasa. Mukamupeza, muvundikireni ndi kapu kapena botolo lakukamwa kwakukulu, mulowetse pepala kunsi, mutseke. Wofa kale nayenso ndi wothandiza, bola asakhale wophwanyikiratu. Ngati zimenezi sizikutheka, mujambuleni ndi foni, pamsana ndi kumimba komwe ngati akuoneka. Musamugwire ndi manja, ndipo musataye theka la ola mukusuntha makabati pomwe wodwala akubuula.

Amene muyenera kumudziwa bwino ndi yemwe ku South Africa ndi ku Zimbabwe amamutcha button spider, wa banja la Latrodectus, mbale wake wa black widow wa ku America. Ndi wamng'ono, mimba yake yobulungira ngati nsawawa, miyendo yowonda. Alipo a mitundu iwiri. Wofiirira, wotuwa kapena wakhofi ndi amene amakonda kukhala pafupi ndi anthu: kunsi kwa mipando ya pakhonde, m'mphepete mwa mawindo, m'zidebe zakale, m'matayala, m'chimbudzi chokumba. Miyendo yake ili ndi timizere takuda m'mfundo, ndipo kumimba kwake kuli chizindikiro chofiira ngati lalanje, chooneka ngati mtondo wosinjira: kumwamba kotambalala, pakati popanikizika, kunsi kotambalala. Koma chomuulula kwambiri ndi timatumba take ta mazira, toyererako, tobulungira, taminga ponseponse ngati kachipatso ka nsatsi. Mukaona timipira totero pa ukonde wosalongosoka, wolimba mukaukoka, dziwani kuti mwini wake ali pomwepo.

Wakuda bii ndiye woopsa kwambiri. Wa kuno ku Africa alibe mtondo uja kumimba, m'malo mwake amakhala ndi kadontho kapena timizere tofiira pamsana, chakumatako. Amakonda kutchire ndi kumunda: m'udzu, pansi pa miyala ndi zipika, m'milu ya zokolola. Onse awiriwa ndi amantha. Mukagwedeza ukonde wawo amadzipinda n'kugwa pansi ngati afa. Amene amaluma munthu mpaka kudwala ndi wamkazi.

Pali ena awiri amene poizoni wawo amawononga khungu osati mitsempha. Wina ndi violin spider, wofiirira, wa miyendo yaitali yowonda, amene pamsana pake pali chithunzi chonga kagitala. Amabisala m'malo amdima osasunthidwasunthidwa, monga m'makatoni ndi pansi pa miyala. Wina ndi sac spider, wachikasu chotuwa, kukamwa kwake kwakuda, amene amayendayenda usiku ndipo masana amagona m'kathumba ka ulusi m'mapindiro a makatani kapena a zovala.

Nanga chija chachikulu, chaubweya, chokhala m'una, chimene chimaimika miyendo yakutsogolo chikakwiya? Chimaluma ndithu, ndipo ululu wake ndi wa moto kwa maola angapo, koma kawirikawiri zimathera pomwepo. Wophwatalala uja wokhala pakhoma kuseri kwa kalendala, wothamanga cham'mbali, musiyeni, akukudyerani udzudzu. Chofiira chothamanga ngati mphepo chimene chimabwera pamoto kapena panyali usiku, chooneka ngati chili ndi miyendo 10, si kangaude weniweni ndipo chilibe poizoni.

2. Tsukani, ziziritsani, lembani

Tsukani malowo ndi sopo ndi madzi aukhondo, mofatsa, osakhula. Vulani mphete, zibangili kapena wotchi ngati ndi kudzanja, kutupa kusanayambe. Ikanipo chozizira kwa mphindi 10, chotsani mphindi 10, bwerezani kangapo. Ayisi mumukulunge m'kansalu, asakhudze khungu mwachindunji. Kumene kulibe filiji, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko imathandizabe. Mkono kapena mwendo wolumidwawo ukhale pokwera, pa pilo kapena pampando, ndipo munthuyo akhale pansi, asapitirize kulima.

Pa ululu, Panado ndi wokwanira poyambira. Wamkulu amwe mapiritsi awiri a 500 mg, akhoza kubwereza pakatha maola 6, koma asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku. Mwana apatsidwe mlingo wa msinkhu wake monga zalembedwera pa botolo, ndipo asipirini musampatse mwana wosakwana zaka 16. Pakamayabwa kwambiri, Piriton amachepetsa, kungoti amagonetsa, ndiye woyendetsa galimoto kapena njinga asamale.

Tsopano chinthu chimene anthu ambiri sachita, chikhalirecho sichilira ndalama. Tengani bolopeni, zungulizani mzere m'mphepete mwa pofiirapo, lembani nthawi pambali pake, pakhungu pomwepo. Jambulani chithunzi mutaika pafupi chitsekerero cha botolo la Fanta kuti kukula kwake kudziwike. Maso amanama. Mawa mudzakangana m'nyumba, wina akuti chakula, wina akuti chili chimodzimodzi, koma mzere wa bolopeni sukangana ndi munthu. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino nthawi zina, choncho papasani ndi chala: pamene pali potentha, polimba kapena ponyezimira, mzere udutse pamenepo.

3. Zimene simuyenera kuchita, ngakhale anene ndi agogo

Musateme mphini pamalopo, musayamwe, musafinye. Poizoni wa kangaude ndi kadontho kochepetsetsa ndipo amakhala atalowa kale. Chimene lezala ingachite ndi kutsegulira khomo majeremusi. Musamange mkono kapena mwendo ndi lamba, chingwe kapena mphira. Kumanga kumatseka magazi, ndipo ngati poizoniyo ndi wowononga khungu mumakhala mwamuunjika pamalo amodzi.

Mndandanda wa zopakapaka ndi wautali, ndipo zina ndinazipakapo ndekha pa mwana uja: mankhwala otsukira mano, phulusa, palafini, mafuta a mabuleki, madzi a batire, adyo wosinja, dothi, fodya wotafuna. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimapha poizoni. Zina zimawotcha khungu, ndipo dokotala akamadzaona chilondacho sathanso kusiyanitsa chimene chachita kachilombo ndi chimene mwachita inu. Dothi ndi ndowe ndiye zimabweretsa kafumbata. Kutsegula kapisozi wa amoxicillin n'kuthira ufa wake pachilonda, kapena kugula mapiritsi anayi a Bactrim pagolosale, nakonso n'kutaya ndalama: mankhwala amenewa amalimbana ndi mabakiteriya, osati poizoni, ndipo ngati mabakiteriya alipodi, mlingo wake ndi masiku ake akuuzeni ndi achipatala. Kachasu "wochotsera ululu" ayi. Amasokoneza zizindikiro zimene mukuyenera kuziyang'anira.

4. Maola oyambirira: yang'anirani thupi lonse, osati chilonda

Apa ndi pamene anthu amanyengeka. Button spider akaluma, pakhungu sipaoneka zoopsa. Mwina kadontho kofiira, mwina osaoneka kanthu. Nkhani ija yakuti kangaude amasiya timabowo tiwiri musaidalire, chifukwa mano ake ndi aang'ono kwambiri moti timabowoto kawirikawiri sitioneka. Poizoni wake, wotchedwa latrotoxin, amapita ku mitsempha n'kuichititsa kutumiza mauthenga mosalekeza, ngati belu lokanirira. Minofu imakokana, thukuta limatuluka, mtima umathamanga.

Zimayenda motere. Poyamba pamawotcha pamalo polumidwapo. Pakangotha mphindi 15 kapena kuposerapo pang'ono, ululu umasamukira kumene kumatuluka mwanabere: m'khwapa ngati ndi dzanja, m'mphechepeche ngati ndi mwendo. Mkati mwa ola limodzi kapena awiri minofu ikuluikulu imayamba kukokana, ntchafu, msana, chifuwa, ndipo mimba imalimba gwa ngati thabwa. Munthu amatuluka thukuta lonyowetsa zovala ndi zofunda, nthawi zina mwendo wolumidwa wokhawo ndi umene umachita thukuta, chinthu chachilendo chimene chikaoneka chimaloza kwa kangaude ameneyu. Amasowa mtendere, sakhazikika, amagubuduka pamphasa, miyendo imalefuka, amachita nseru kapena kusanza, nkhope ndi zikope zimatupa, BP imakwera.

Chimodzi chokha mwa zimenezi chikaoneka, ulendo wa kuchipatala wayamba, usiku kapena masana. Musadikire kuti zikwane zonse. Wodwalayo asayende wapansi mtunda wautali, asapalase njinga, asayendetse galimoto. Ngati mukupita pa kabaza wa njinga yamoto, wina akhale kumbuyo kwake amugwire.

Pali anthu ena amene simuyenera kudikira nawo chizindikiro chilichonse ngati mwaona kuti wawaluma ndi button spider, kapena simukudziwa chimene chawaluma koma ululu ukukula: ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera, ndi odwala mtima, BP kapena mphumu. Khanda silinena kuti msana ukukoka. Limangolira mosatonthozeka, kukana bere, kutuluka thukuta, kamimba kali gwa. Mayi woyembekezera akhoza kuganiza kuti matenda ayamba. Munthu wamkulu akhoza kuganiza kuti ndi mtima kapena apendikisi, ndipo ngakhale achipatala zimawasokoneza ngati simunawauze kuti munthuyu anali kusenza nkhuni kapena anachokera kuchimbudzi ululu usanayambe. Zoterezi nenani.

Button spider wofiirira wa pakhomo uja nthawi zambiri amathera pa ululu wa pamalopo ndi mwanabere, ndipo wamkulu wathanzi amakhala bwino pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ngati patha maola 6 mpaka 8 munthu ali bwinobwino, kulibe kukokana, kulibe thukuta, mantha a poizoni wa m'mitsempha achepa kwambiri. Usiku woyambawo asagone yekha m'nyumba.

5. Masiku otsatira: tsopano yang'anirani chilonda

Poizoni wowononga khungu ndi wachinyengo mwa njira ina: sapweteka poyamba. Munthu amalumidwa ali m'tulo osadzuka n'komwe. Pakatha maola angapo pamayamba kufiira, kutupa ndi kuwawa. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu pakhoza kutuluka thuza, pakati n'kuyamba kuda mobiriwira, mozungulira muli mzere wotuwa, kunja kwake kofiira. Pakatha sabata kapena kuposerapo, pakati paja pamauma n'kukhala nkhanambo yakuda, imene ikachoka imasiya dzenje. Chilonda chotere chimatenga masabata, nthawi zina miyezi, kuti chipole. Si onse olumidwa amafika pamenepa, ambiri zimangofiira n'kuphwa zokha.

M'mawa ndi madzulo tsukani ndi sopo, phimbani ndi bandeji kapena kansalu koyera kochapa ndi kusita, yerekezani ndi mzere wanu uja. Thuza musaliboole. Nkhanambo musaitokose. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona china mwa izi:

- kufiira kapena kutupa kwadutsa mzere wa bolopeni ndipo kukupitirira;
- pakati payamba kuda, kapena khungu lachita dzanzi;
- pakutuluka mafinya kapena fungo;
- mzere wofiira ukukwera kuchokera pachilonda kulowera kukhwapa kapena kumphechepeche;
- thupi latentha, mukunjenjemera, mutu ukuwawa;
- ululu ukuwonjezeka m'malo mochepa pakatha masiku awiri;
- chili pankhope, pafupi ndi diso, pakhosi, pachala kapena kumaliseche.

Mkodzo ukada ngati Coca-Cola kapena maso akachita chikasu, musadikire kuti kuche. Poizoni wa violin spider nthawi zina, makamaka mwa ana, amaswa maselo a magazi. Malungo aakulu nawonso amachita chimodzimodzi, ndipo kwathu kuno malungo ndiwo ofala kwambiri kuposa kangaudeyo. Pa chifukwa chomwecho, kutentha thupi kulikonse kukayezedwe malungo, musangoti ndi chilondachi.

Odwala shuga, amene ali ndi HIV, ndi amene akumwa mankhwala a khansa kapena ena ofooketsa chitetezo cha m'thupi, asadikire mndandandawu. Chilonda chilichonse chimene sichikusintha pakatha tsiku limodzi kapena awiri akachionetse, makamaka cha kuphazi.

6. Dzifunseni moona mtima: kodi ndi kangaudedi?

Ngati simunamuone, mwayi waukulu ndi wakuti si iye. Kangaude amaluma kamodzi, pamalo amodzi, munthu mmodzi. Mukadzuka ndi timatupa tambiri tondondozana, kapena m'nyumba mwadzuka anthu atatu akukanda, yang'anani nsikidzi m'mphepete mwa matiresi, utitiri kapena mphere.

Chofala kwambiri pa zonse ndi chithupsa wamba, choyamba ndi mabakiteriya okhala pakhungu pathu pomwepa, a mtundu wa Staphylococcus. Chimafiira, chimatentha, chimapweteka, kenako chimachita mutu wa mafinya. Chikakula chimafuna kuchitumbula kuchipatala ndi zida zoyera, osati ndi minga kapena singano yosokera.

Mphutsi ya m'khungu, ngati ya mwana uja, imaoneka ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, kotuluka timadzi, ndipo munthu amamva kubaya kapena kuyenda m'katimo. Imakonda pamsana, m'matako ndi m'ntchafu, malo ogundana ndi zovala. Vaselini amaitsekera mpweya n'kuikakamiza kutuluka, koma ikakhala pa khanda kapena pafupi ndi diso, asiyireni achipatala.

Ndiye pali zija amati kangaude wandikodzera kapena wandinyambita: mzere wofiira wowotcha, wa timatuza, pakhosi, pankhope kapena pamkono, ngati wakwapulidwa ndi waya wamoto. Kawirikawiri wachita zimenezi ndi kachilombo kakang'ono kowonda ngati nyerere, ka mawanga akuda ndi ofiira, kotchedwa Nairobi fly, kamene kamabwera pa magetsi nthawi ya mvula. Sikaluma. Madzi a m'thupi mwake ndi amene amawotcha mukakaphwanyira pakhungu, ndipo chilondacho chimaoneka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kakakuterani kauzireni mpweya kagwe, ndipo ngati mwakaphwanya kale, sambani ndi sopo msanga, osagwira m'maso.

Matuza ambiri owawa ngati moto, oyala ngati lamba mbali imodzi yokha ya thupi, osadutsa pakati pa msana kapena pachifuwa, amenewo ndi mashingozi. Mankhwala ake, aciclovir, amagwira bwino akayambidwa mkati mwa maola 72, choncho masiku amene mukutaya mukutukwana kangaude ndi omwe akanakuthandizani. Achipatala akakupemphani kuyezetsa magazi, musakhumudwe, ndi mwambo wake.

Kachilonda kakang'ono kakuda pakati, kotsagana ndi mwanabere, kutentha thupi ndi mutu, patapita masiku 5 mpaka 7 kuchokera pamene munayenda m'tchire kapena kubusa, n'kutheka kuti ndi nkhupakupa, ndipo matenda ake amachizika ndi doxycycline. Chilonda chakuda ngati khala, chosapweteka koma chotupa kwambiri m'mbali, pa munthu amene anasenda kapena kugwira nyama yofa yokha, chikhoza kukhala anthrax, matenda amene anavuta ku Zambia mu 2023. Chimenecho n'cha kuchipatala lero lomwe, ndipo mukanene za nyamayo.

Chomaliza, chimene ndimaopa kwambiri: njoka. Njoka yolavula ija imalowa m'nyumba usiku ndipo imaluma anthu ali m'tulo. Palinso kanjoka kakuda kokhala m'nthaka, kotuluka usiku mvula ikagwa, kamene kamabaya munthu akakaponda kapena kukatola. Munthu akadzuka usiku ndi ululu woopsa, dzanja kapena phazi n'kutupa mofulumira kukwera m'mwamba mkati mwa maola ochepa, musanene za kangaude. Kangaude satupitsa mkono wonse. Chinkhanira nacho, makamaka cha mchira wonenepa ndi zopanira zowonda, chimabweretsa ululu woopsa nthawi yomweyo, ndipo kwa mwana ndi nkhani yothamanga nayo.

7. Mukafika kuchipatala

Tengani buku lakuchipatala, botolo la kangaude lija kapena chithunzi, ndi mankhwala onse amene wodwalayo amamwa. Fotokozani mwadongosolo: nthawi imene zinachitika, pamene anali ndi chimene ankachita, chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Nenaninso zimene mwapaka kapena kumwetsa, ngakhale zikhale za kwa asing'anga. Manyazi a mphindi imodzi ndi abwino kusiyana ndi kupatsidwa mankhwala olimbana ndi zimene mwamwa kale. Ngati pamzere pali anthu ambiri ndipo wodwala akukokana, akubanika kapena ndi khanda, musakhale chete kumapeto kwa benchi. Pitani kwa anamwino mukanene kuti, "Pepani, mwanayu walumidwa ndipo mimba yalimba, akutuluka thukuta." Odwala mwakayakaya amaonedwa msanga, koma achipatala ayenera kudziwa kuti alipo.

Pa button spider, chithandizo chachikulu ndi kuletsa ululu ndi mankhwala amphamvu, nthawi zina a m'diripi, ndi kuyang'anira kapumidwe, mtima ndi BP. Ambiri amachira pakatha masiku 1 mpaka 3, ngakhale kufooka kumatha kukhalapo sabata. Imfa ndi yosowa kwambiri munthu akalandira chithandizo. Mankhwala othetsa poizoni wa kangaude ameneyu alipo, amapangidwa ndi South African Vaccine Producers ku Johannesburg, koma sapezeka m'chipatala chilichonse, ndipo amaperekedwa kwa okhawo odwala kwambiri, m'chipatala, chifukwa amachokera m'magazi a akavalo ndipo thupi la ena limawakana. Chipatala chaching'ono chikakutumizani ku chipatala cha boma, kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, pitani tsiku lomwelo, osati mukakolola.

Pa poizoni wowononga khungu, ntchito ndi yosamalira chilonda: kutsuka, kumanga, mankhwala a mabakiteriya ngati alowapo, ndipo pena kudula mnofu wakufa pambuyo pake, malire ake akaoneka bwino. Akakuuzani kuti mubwerenso Lachinayi, bwererani ngakhale chikuoneka ngati chikupola. Funsaninso za katemera wa kafumbata. Amayi ambiri amalandira kusikelo ali oyembekezera, koma abambo ambiri jakisoni wawo womaliza anabayidwa ali pamsana pa mayi awo.

Ngati muli kutali ndipo mukukayika, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Abale amene muli ku South Africa, makamaka ogwira ntchito m'minda ya mphesa ndi tirigu ku Western Cape kumene button spider wakuda uja amadziwika kwambiri, sungani nambala ya Poisons Information Helpline, 0861 555 777. Imayankhidwa usana ndi usiku.

8. Kuti zisachitikenso

Kutumulani nsapato, majombo ndi zovala musanavale, makamaka zimene zagona pansi kapena zakhala nthawi pa msomali. Bedi kapena mphasa isagunde khoma, zofunda zisakhudze pansi, neti ya udzudzu muipisire kunsi kwa matiresi. Neti yomweyo imatchinga zambiri kuposa udzudzu. Potola nkhuni, pogumula mulu wa njerwa, pophwasula mikukwe ya chimanga kapena potapa m'nkhokwe, musapise dzanja kumene maso sakuona. Gogodani kaye ndi ndodo, gubuduzani chipika ndi khasu, valani magolovesi ngati alipo.

Chimbudzi chokumba chili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Ku America, m'zaka zimene anthu ambiri ankagwiritsa ntchito zimbudzi zapanja, anthu ambiri olumidwa ndi black widow ankalumidwira m'menemo, amuna kawirikawiri pamalo osatchulika, chifukwa kangaudeyo amatchera ukonde kunsi kwa bowo kumene kumadutsa ntchentche. Choncho usiku lowani ndi tochi, ndipo kamodzi pa sabata pititsani tsache kunsi kwa chivundikiro, m'makona ndi kudenga. Chitaninso chimodzimodzi kunsi kwa mipando ya pakhonde ndi kuseri kwa zidebe. Timipira taminga tija mukatipeza, musangotigwetsa. Tiphwanyeni ndi mwala kapena titayeni pamoto, chifukwa kamodzi kokha kamatha kuswa ana oposa 100, ndipo mankhwala opopera sakalowa bwino m'kati.

Zovala yanikani pa chingwe, padzuwa, osati pa udzu kapena pansi. Mchemwali wanga uja masiku ano amasita ndi makabudula amkati omwe, kunja ndi mkati, ndipo magetsi akazima amakoleza makala m'simbi yakale ya amayi.